Ulendo wa ku Molumbo ndi Bolodi la Bambo

Bambo anga anamwalira mu Ogasiti, ndipo ine ndi amene ndinalemba mayina a anthu oti auzidwe za maliro. Ndinalemba abale a ku Thyolo, a mpingo, anzawo a ku esiteti ya tiyi kumene ankagwira ntchito ya ulonda, ngakhale munthu amene ankawameta tsitsi. Onsewo ndinawaimbira foni. A Bonifasiyo a ku Molumbo alibe foni, ndiye dzina lawo silinabwere n'komwe m'mutu mwanga. Tinaika maliro, tinameta, tinabalalika.

A Bonifasiyo ndi bambo anathawa limodzi nkhondo ya ku Mozambiki, nakhala mumsasa wa othawa nkhondo ku Mulanje, kumene ine ndinabadwira. Mumsasamo ndi mmene anaphunzirira chesi kwa mphunzitsi wina amene analibe sukulu yoti aphunzitseko. Mtendere utabwera a Bonifasiyo anabwerera kwawo, koma bambo anakanitsitsa, nakhazikika kwawo kwa mayi ku Luchenza. Masewera okha sanathe. Aliyense anali ndi bolodi lake, ndipo akayenda kamodzi ankalemba pakapepala n'kupatsira amalonda a nyemba. Kapepalako kankadutsa m'manja atatu kapena anayi kasanafike. Gemu imodzi inkatha zaka zitatu, ndipo ife ana tinkaseka kuti nyumba ya njerwa imamangika msanga kuposa chesi ya bambo.

Mu Novembala kunafika kapepala. Kanati: "Zakariya, wagona kodi? Kavalo wako ndamupanikiza kuyambira Juni. Yenda."

Mayi atawerenga anakhala pakhonde tsiku lonse osadya. Madzulo anandiitanitsa ku Limbe kumene ndimasoka zovala. "Munthu ameneyu ndi nkhoswe ya ukwati wanga," anatero. "Uthenga wa maliro ake sungatumizidwe pakapepala ngati mtengo wa nyemba. Unaiwala ndiwe, upita ndiwe. Ukanene ndi pakamwa pako."

Anandipatsa jekete la bambo loti ndikapereke, ndi bolodi lija. Ndi kathabwa kakang'ono koboolaboola, ndipo zidutswa zake bambo anasema okha, chilichonse ndi kamsomali kunsi kolowa m'bowo. Gemu inali mmene anaisiyira. Ndinakulunga m'chitenje, ndikumva ngati ndanyamula munthu wodwala.

Ndinanyamuka Lachiwiri loyamba la Disembala. Minibasi ya ku Muloza inayenda bwino mpaka pa Chitakale, pamene dalaivala anazimitsa injini n'kulengeza kuti anthu achepa. Tinakhala pamenepo ola lathunthu tikupsa ngati mbatata. Ine nthawi imeneyo ndinkayeseza mawu. "Ababa, ndabwera ndi uthenga woipa." Ayi. "Ababa, anzanu aja anatisiya." Kenako iwo afunsa kuti liti, ndipo ine ndinena kuti Ogasiti. Nthawi zonse ndikafika pa Ogasiti, ndinkayambiranso poyamba.

Pa Muloza ndinalembetsa bodapasi, n'kusintha makwacha anga kwa anyamata a mitolo ya ndalama m'manja. Kutsidya, wapolisi wa pachipata anandiuza kuti ndimasule chitenje. Ataona bolodi nkhope yake inamasuka. "Shadrezi," anatero, kutchula chesi m'Chipwitikizi, akuwerama. Analoza kavalo wakuda ndi cholembera chake. "Uyu ali pamavuto." Ndinavomera, n'kukulunganso. Kabaza anandikweza mpaka m'tauni ya Milange, ndipo kumeneko anandiuza kuti galimoto za ku Molumbo zapita kale, ndidikire mawa. Ndinagona panyumba ya alendo pafupi ndi msika.

M'mawa mwake ndinafika pasiteji isanakwane sikisi, monga anandiuzira. Lole yaing'ono inalipodi, koma tinanyamuka teni itadutsa. Anayamba ndi kukweza simenti, mchere, malata, njinga ziwiri ndi mbuzi, ndipo ife anthu anatiika pamwamba pa zonsezo ngati chivundikiro. Ndinalipira mametikashi mazana atatu. Pamene ndinkafunsa dalaivala ngati akudziwa kwa a Bonifasiyo, mayi wina wojintcha wa duku lofiira anandikoka malaya.

"Inu ndinu a ku Luchenza, eti? Kwa a Zakariya?"

Dzina lawo anali mayi Filomena, ndipo ndi amene ankanyamula timapepala tija kuchokera ku Molumbo kufika pa fulontera, monga iwo ankatchulira malire. Mayiwa sanawaonepo bambo anga, koma ankawadziwa ngati mlamu wawo. Lole isanatuluke m'tauni anali atandiuza zonse. Mu Seputembala a Bonifasiyo anagwa kumunda, ndipo kuyambira pamenepo dzanja lamanzere ndi mwendo zinafooka. Kuchipatala anati magazi akuthamanga kwambiri, asamadzidzimutsidwe. Mwana wawo Roza amawabisira ngakhale maliro a m'mudzi momwemo.

"Amangokhala pakhonde ndi thabwa lawolo," anatero mayi Filomena. "Ndikangofika, moni alibe. Amati, Filomena, kapepala. Miyezi yonseyi ndakhala ndikubwera chimanjamanja mpaka ndikuchita manyazi kudutsa pakhomo pawo. Mwabweretsa yankho, eti?"

"Eya," ndinatero.

Sindinakonzekere kunama. Mawuwo anangotuluka, ndipo atatuluka ndinamva kupepuka kumene sindinakumvepo chichokereni ku Luchenza. Ndinayamba kudziuza kuti mwina ndi bwino choncho. Ndikapereka yankho, mkuluyo akondwera, ndipo za maliro ndidzanena ulendo wina akadzapeza mphamvu. Munthu wamantha sasowa zifukwa zabwino, ndipo ine ndinali nazo zodzaza thumba.

Msewu wa ku Molumbo ndi wafumbi, ndipo mvula yoyamba inali itaukumba kale. Tinkaima paliponse: kutsitsa mchere, kukweza nkhuku, kudikira bambo wina amene anakatsanzika kwa apongozi ake. Titadutsa Koromana, dzuwa lili paliwombo, lole inagwera m'dzenje ndipo kunsi kunamveka kuthyoka kwa chitsulo. Dalaivala anakwawira pansi, anatuluka, n'kunena kuti supuling'i yaduka. Anaimitsa njinga yamoto imene inkadutsa, n'kukwera ndi chitsulocho paphewa kukafuna wowotcherera. "Kalma, kalma, mtima pansi, ndikubwera pompano," anatero. Ndaphunzira kuti pompano wa dalaivala ndi mmodzi mbali zonse za malire.

Kumanja kwa msewu kunali mitengo ya mango yambiri, ikuluikulu, ya mthunzi wakuda bii. Mango anali atapsa, ena ali mbwee pansi, fungo lake likufika mpaka pamsewu. Koma anthu onse anawolokera kumanzere, n'kupanikizana pansi pa kamtengo kopanda masamba enieni ndi m'mbali mwa lole. Ine ndinatenga chikwama changa kulunjika kumango kuja.

"Achimwene, bwererani."

Amene anandiitana anali bambo wachikulire wa mwendo umodzi waufupi, amene anzake ankamutcha a Sabonete. Ndinafunsa ngati kuli mabomba okwiriridwa. Anati ayi, amenewo anachotsa kalekale.

"Panali mudzi pamenepo. Yang'anitsitsani pansi, muona pamene panali nyumba."

Ndinayang'ana. Pakati pa mitengo panali timitunda tozungulira, tosamera udzu bwino, khumi kapena kupitirira. Pena panali mafuwa atatu ali chikhalire.

"Ena anathawa, ena sanathe kuthawa," anatero a Sabonete. "Amene anabwerera anatola zimene anapeza n'kukwirira pomwepo, osadziwa kuti uyu ndani, uyu ndani. Mango amenewo ali ndi eni ake."

Ndinakhala pansi kumanzere limodzi ndi anzanga. Nthawi ndi nthawi bango limodzi linkagwa kutsidya kuja, phu, ndipo aliyense ankaleka kulankhula kwa kanthawi. Bambo sanatiuzepo dzina la mudzi wawo. Tikafunsa ankati kulibe mudzi, n'kutituma madzi. Ndinayamba kuganiza kuti mwina ndi pompano, mwina pa mafuwa aja agogo anga anaphikirapo. Mantha anandigwira masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo kuti manja apeze chochita ndinamasula chitenje n'kuika bolodi pamwendo.

Ine chesi ndimangodziwa mmene zidutswa zimayendera, basi. Yankho limene ndinalonjeza ndinalibe. Mwamwayi, kapena mwatsoka, pafupi nane panakhala mphunzitsi wa sekondale wa malaya oyera, amene anthu ankamutcha Purofesori Armando. Anangoona bolodi n'kusendera.

"Woyenda ndani?"

"Zakuda."

Nkhani inali yotere. Kavalo wa bambo anali atalowa m'kati mwa adani, pafupi ndi mfumu yoyera, ndipo msilikali woyera anali atamuloza. Akapanda kusuntha adyedwa. Kumbuyo kwake kunali malo amodzi okha othawirako.

"Sinthanani mafumukazi," anatero Purofesori mosachedwa. "Mpweya ubwera."

"Mukasinthana, kavalo afabe," anatero a Sabonete, amene ndinkayesa akuwodzera. Anati anaphunzira masewerawa kwa asilikali, ndipo sanafotokoze kuti asilikali a mbali iti. "Mubwezeni kumbuyo. Apume, adzapita tsiku lina."

"Akabwerera, zoyera zimatsika ndi nsanja apa, ndipo zakuda zimafa pang'onopang'ono ngati munthu wa chifuwa chachikulu," anatero Purofesori.

"Koma zimafa zili zonse pamodzi."

Anthu anayamba kutizungulira. Akatswiri a bawo anabwera ndi nzeru zawo, wina akufunsa chifukwa chake sitikungodya mfumuyo poti ili pafupi. Purofesori anatambasula dzanja kuti azule kavalo ayesere, koma ndinamugwira pamkono mwamphamvu kuposa mmene ndinafunira. Munthu womaliza kukhudza zidutswazo anali bambo. Purofesori anandiyang'ana modabwa, kenako anajambula bolodi lina pafumbi ndi kamtengo. Zitsekerero za mabotolo zinakhala asilikali, miyala inakhala nsanja, ndipo chitsononkho chinakhala kavalo.

Mkangano unatentha kwa ola lathunthu, Chinyanja, Chipwitikizi ndi Chilomwe zikulowana. Mayi Filomena ankasenda mtedza chapatali, ndipo anadikira mpaka phokoso litatsika.

"Achimwene, si paja munati mwabweretsa yankho? Nanga mkanganowu ndi wa chiyani?"

"Bambo sakupeza bwino," ndinatero. "Anati ndikaganize ndekha panjira."

Mayiwo anayang'ana chikwama changa, chimene chinali chotsegula, mkono wa jekete uli panja. Anayang'ananso ine, n'kupitiriza kusenda mtedza wawo.

Kenako Purofesori anayang'anitsitsa zitsekerero zija nthawi yaitali, atanyonyomala pafumbi, malaya oyera aja atasanduka ofiira. Atadzuka anali akumwetulira.

"Kavalo sathawa. Kavalo adye msilikali uyu wa patsogolo pa mfumu."

"Ndiye mfumu imudya," anatero a Sabonete.

"Imudye. Ikamudya yatuluka pakhomo. Mfumukazi ibwera apa kuiopseza, sheki. Mfumu ithawira apa. Nsanja itsika apa. Yatha. Mwapereka kavalo mmodzi, mwapulumutsa onse."

Anayesa katatu, a Sabonete akugwira zoyera, ndipo katatu konse mfumu yoyera inasowa kolowera. Anthu anaseka, ena akuwomba m'manja osadziwa chimene akuwombera. Purofesori anati zimenezi n'zimene anthu sazimvetsa, kuti pankhondo wofuna kusunga aliyense amataya onse.

A Sabonete anapukuta manja pabuluku. "Purofesori, munabadwa liti?"

"Mtendere utabwera."

"Ndi chifukwa chake." Anaima movutikira, akuyang'ana kumango kuja. "Kuwina kokha mukuwina, sindikukana."

Ine ndinamva mawu oti kuwina okha. Ndinaganiza kuti ngati ndikunama m'dzina la bambo, bola ndiname mowapatsa ulemu, awine gemu yawo yomaliza. Ndinazula kavalo m'bowo lake, n'kuchotsa msilikali woyera, n'kumukhazika pamenepo. Kamsomali kanalira polowa.

Dalaivala anabwera cha m'ma fili koloko, ndipo tinafika pa Molumbo dzuwa litapendeka. Mayi Filomena anandilozera njira yodutsa m'minda ya nyemba, ulendo wa theka la ola. Potsanzikana anangoti, "Roza ndi munthu womva. Muyambe mwalankhula naye." Sindinatero. Roza anali kuchitsime pamene ndinkafika, ndipo a Bonifasiyo anali ataona kale kuti pakubwera mlendo.

Anali pakhonde pampando wa nsungwi, wochepa thupi, dzanja lamanzere lili pamwendo ngati si lawo. Patsogolo pawo panali bolodi lofanana ndi la bambo, losemedwa ndi dzanja lomwelo. Ndinagwada n'kunena dzina langa.

"Tomasi," anatero. "Ndinakunyamula uli ndi masiku atatu. Mayendedwe ndi a Zakariya enieni. Watuma iwe? Amalonda sakuwakhulupiriranso?"

"Andituma, ababa."

Ndinamasula chitenje n'kuika bolodi la bambo pambali pa lawo. Anawerama mpaka mphuno kutsala pang'ono kukhudza zidutswa, chifukwa maso anali atayamba kuchita khungu. Anapapasa ndi chala pamene kavalo anali, napeza bowo. Anapapasa mpaka anamupeza patsogolo pa mfumu yawo. Chalacho chinakhala pamenepo nthawi yaitali. Roza anafika, anatula ndowa, anandipatsa moni, ndipo iwo sanatukule mutu.

"Bambo ako anakuuza za Pedulo?"

"Ayi, ababa. Pedulo ndani?"

"Mng'ono wake."

Sindinkadziwa kuti bambo anali ndi mng'ono. A Bonifasiyo analankhula pang'onopang'ono, pakamwa pakukokera mbali imodzi. Pothawa anali anthu khumi ndi anayi, ena ana oyamwa. Pedulo anali mwamuna wamkulu kale, wokwatira, ndipo chipolopolo chinamuswa ntchafu. Bambo anamubereka masiku awiri. Tsiku lachitatu mfuti zinkamveka kumbuyo kwawo, mtsinje wa malire ukadali patali, ndipo gulu lonse linkayenda liwiro la munthu wobereka mnzake.

"Ndine ndinanena. Ndinati, Zakariya, musiye, apo ayi tifa tonse ndi ana omwe. Tinamukhazika pansi pa mtengo ndi chipanda cha madzi. Pedulo anatiuza kuti pitani. Tinapita." Anakhudzanso kavalo uja. "Mtendere utabwera ndinakafuna mtengo uja. Mitengo yonse inali yofanana."

Roza anati, "Ababa, musadzitopetse," koma iwo anamukwezera dzanja.

"Nkhani imeneyi sitinakambepo, ine ndi bambo ako, ngakhale tsiku limodzi. Koma zaka zonsezi sanaperekepo chidutswa dala. Ngakhale kamsilikali. Amaluza gemu yonse pofuna kupulumutsa kamodzi. Ndiye ine ndinayamba kumutchera. Gemu iliyonse ndimamutsegulira khomo loti apereke kavalo awine. Amaliona, si wopusa. Amabwerera. Ndinkati tsiku limene adzapereke, ndidzadziwa kuti wandimvetsa."

Anatukula mutu. Maso awo anali onyowa, ndipo sindinathe kudziwa ngati akundiona.

"Ndiye pali ziwiri, Tomasi. Mwina Zakariya wandikhululukira, mwina Zakariya wamwalira. Undiuze."

Ndinali nditanama kale kawiri panjira ndi kamodzi pakhonde pomwepo, mosavuta. Bodza limodzi lokha linatsala, ndipo likanapatsa mkulu uja chimene anadikira kuposa zaka makumi atatu. Ndinkafuna kulinena. Ndikulumbira kuti ndinatsegula pakamwa kuti ndilinene. Koma ndinkaona bambo atabereka munthu m'tchire, bambo omwe aja amene ndinkawaseka kuti sadziwa kuwina, ndipo lilime linakana kuwaikira mawu amene iwo anakana kunena moyo wawo wonse. Ndinachedwa kuyankha. Mpaka lero sindidziwa ngati ndinachita bwino, ndipo zimandiwawa.

"Liti?" anatero a Bonifasiyo.

"Ogasiti, ababa. Ndine ndinaiwala kutumiza uthenga. Kavaloyo ndayendetsa ndine, panjira."

Anawerenga miyezi ndi zala za dzanja labwino, mpaka zinayi. Ndinatulutsa jekete n'kuliika pamwendo pawo, ndipo analipapasa kolala. Roza anazungulira kuseri kwa nyumba n'kuyamba kulira mokweza monga amalirira maliro atsopano, ndipo posakhalitsa amayi a nyumba zoyandikana anayamba kutuluka m'minda, akumanga zitenje m'chiuno. Ndinkayang'ana chifuwa cha mkuluyo ndi mantha, koma ankapuma.

Anatambasula dzanja n'kuzula kavalo. Anapapasa mpaka anapeza bowo lake lakale, n'kumubwezera momwemo. Anatambasulanso chikhato, ndipo ndinawapatsa msilikali woyera uja, naye anamubwezera patsogolo pa mfumu.

"Usamugwirenso," anatero. "Woyenda ndi Zakariya."